Andiuza kuti ndikaitane bambo wa mwana wanga

Amene anafikako ku msika wa Lizulu akudziwa kuti malire a Malawi ndi Mozambique pamenepo ndi msewu wa tala basi. Ukagula tomato tsidya ili nkukafuna chenji tsidya linalo, ndiye kuti wapita kunja kwa dziko. Ife a ku Angónia, tsidya la Mozambique, timawoloka pamenepo ngati tikupita kudimba, m'thumba muli makwacha ndi mametikali osakanikirana.

Tsiku limenelo mayi akunyumba anapita kukagulitsa kachewere, mimba ili pakhosi. Ndinawaletsa, iwo nkundifunsa ngati matumba a fetereza adzagulidwe ndi malangizo anga. Dzuwa lili pamutu matenda anawayamba ali tsidya la Malawi, amayi anzawo nkuthamangira nawo ku chipatala chapafupi. Pamene ndinkafika pa njinga, thukuta lili kamukamu, mwana anali atabadwa kale, wamkazi, akulira ngati akudziwa zomwe bambo ake ati achite.

Anamwino anatenga cholembera. "Dzina la bambo?"

Ine pa BI yanga, chiphaso cha unzika cha ku Mozambique, ndine João. Koma dzina limenelo ndimalimva kuofesi kokha. Kumudzi, kutchalitchi, ngakhale kwa amene ndili nawo ngongole, ndine Yohane. Poti anafunsa m'Chichewa, nanenso ndinayankha m'Chichewa, chifuwa chili patsogolo: "Yohane!" Analemba. Ndinawathokoza kawiri.

Panapita miyezi. Alamu anga a ku Johannesburg anatumiza uthenga kuti mlongo wawo akawaone, abwere ndi mwana yemwe. Apa mpamene ndinadziwa kuti khanda, ngakhale lilibe dzino, limafuna pasipoti yakeyake, ndipo pasipoti siibwera popanda mwana kulembedwa kaye m'kaundula wa kwathu. Ndinkadziwa kuti ukalembetsa mwana masiku oikika asanathe sulipira. Ine ndinawerenga zala mpaka za kumapazi, masikuwo anali atadutsa kalekale pamodzi ndi nyengo yokolola.

Tinakwera chapa, minibasi ya kwathu, m'mamawa kupita ku ofesi ya kaundula, mayi akunyumba, mwana, ndi apongozi anga aakazi amene anati akufuna akaone ngati ndingathe kuyankhula pamaso pa boma. Tinaima pamzere mpaka miyendo kuuma. Mkulu amene tinamupeza anali wodekha, wa magalasi ofika pansonga ya mphuno. Anatifotokozera bwinobwino kuti malamulo aakulu a dziko a 2004 amalola mwana wobadwira kunja kukhala nzika ya Mozambique ngati bambo kapena mayi ake ndi a kuno, bola makolo anene poyera kuti akufuna zimenezo. Ndinagwedeza mutu ngati ndinalipo powalemba malamulowo.

Kenako anayala mapepala atatu patebulo: la ku Malawi, BI ya mayi, BI yanga. Anayang'ana ili, nayang'ana ilo, nkundiyang'ana ine pamwamba pa magalasi.

"Bambo, inu mwabwera ngati ndani?"

"Ngati mwini mwana."

"Chabwino. Nanga a Yohane ali kuti?"

"Ndine ndemwe."

"Apa palembedwa João."

"Ndinenso."

Anavula magalasi nkuwapukuta pang'onopang'ono. Ndiye anatsitsa mawu, mwaulemu ndithu, ngati munthu wopepesa maliro: "Zimachitika, bambo. Kulera mwana wa mnzako si tchimo. Koma pano tikufuna bambo womubereka."

Pabenchi yonse panali zii. Gogo wina amene ankadikira kumbuyo kwathu anati "Hii, abale!" nkusuntha kuti amve bwino. Ine ndinanyamula mwana nkumuyandikiza kumaso kwanga kuti aone mphuno, chifukwa mphuno ya kwathu siisowa, imafika pakhomo mwini wake asanafike. Mkuluyo anavomera kuti mphuno ndi imodzi, koma anati m'kaundula mulibe malo olembapo mphuno.

Ndinatembenukira kwa apongozi kuti andiikire umboni. Mwa mwambo sitiyang'anana m'maso, ndiye anayang'ana pansi nkunena kuti, "Ine mkamwini amene ndimamudziwa ndi Yohane. Za João ndikuzimvera pompano." Mayi akunyumba anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinkayesa akulira. Ankaseka.

Zotsatira zake ndi zimene zinandidyera mbuzi. Ndinapita kwa amfumu kuti alembe kalata yoti Yohane ndi João ndi munthu mmodzi, amadya mbale imodzi, amagona mphasa imodzi. Amfumu anaseka mpaka kutsokomola, nkuitana nduna zawo kuti nazo zimve ndisanapatsidwe kalatayo. Ndinawolokanso tala kukakonzetsa pepala la ku Malawi, komwe anandifunsa chifukwa chimene munthu wamkulu ndi ndevu zake sadziwira dzina lake. Ndinabwerera ndi mboni ziwiri zomwe ndinazilipirira chapa ndi nsima ya nkhuku, ndipo mmodzi wa iwo, atafunsidwa dzina langa, anayamba watchula dzina langa la kubwalo la mpira.

Za pasipoti tinakathera ku mzinda wa Tete, kumene ife a kumapiri timasungunuka ngati mafuta a nkhumba. Ndinavala jekete kuti ndioneke bambo weniweni, ndipo tisanawoloke nkomwe mlatho wa Samora Machel ndinali nditanyowa ngati ndasambira mu Zambezi. Pojambula, mwana ankafunika atsegule maso, atseke pakamwa. Iye ankachita mosemphanitsa. Ndinavina, ndinalira ngati mbuzi, ndinaomba m'manja, osatheka. Anatsegula maso pamene mayi ake anakuwa kuti, "Taona a João!" Nayenso ankafuna amuone mlendoyo.

Pasipoti inatuluka, ulendo wa ku Joni unayendedwa. Dzulo mayi akunyumba anandipempha ndalama ya sopo, ine nkuti ndilibe. Anangomanga chitenje nkunena kuti palibe vuto, João akhale ndi umphawi wake, iwo akapempha kwa a Yohane, bambo a mwana.