Khosi ndi foloko: sabata ya fumbi pagaraja

Mwezi wa Okutobala fumbi limatipatsa ntchito ife amakaniko a njinga zamoto. Sabata yathayi njinga za kabaza zambiri zimene zalowa pagaraja pathu ku Mchesi zinali ndi vuto la kutsogolo: ina foloko (mapaipi awiri ogwira tayala lakutsogolo) ikuchucha oyilo, ina khosi (pomwe handulo imazungulira pafelemu) likugogoda ukagwira buleki.

Lolemba kunabwera mnyamata wina ndi njinga ya ku China, ya mtundu uja wofanana ndi Honda CG125. Masilu, timalabala totchinga oyilo kuti asachuche m'foloko, anali atagula kale. "Bambo, mungoikapo, ndili ndi makasitomala pa siteji." Nditayeza paipi ya foloko ndi veniya, kachipangizo koyezera kukula kwa zitsulo, inapezeka ya mamilimita 31, pomwe pa masilu ake panalembedwa 27x39x10.5. Manambala amenewa ndi a CG125 yeniyeni: yoyamba ndi kukula kwa paipi, yachiwiri ndi bowo lomwe silu imakhalamo, yachitatu ndi kutalika kwake. Wogulitsa anangomva dzina la njinga n'kutola paketi. Njinga za ku Chinazi thanki imatha kufanana, injini kufanana, koma mafoloko n'kusiyana. Ngakhale paipi itagwirizana, nambala yachiwiri ikhoza kukupusitsa. Yamaha YBR125 imafuna 30x40.5x10.5, ndipo ukagula ya 30x42 siilowa, uimenye bwanji. Ndinamubweza ku Malangalanga silu yakale ili m'thumba, veniya ndinabwereketsa mwana wanga wapantchito kuti apite naye.

Silu yatsopano payokha sithetsa kuchucha. Ndimayendetsa chikhadabo papaipi yonse, makamaka pamene silu imadutsa foloko ikamatsika. Chikakodwa, pali kachibowo ka dzimbiri kapena pomwe panagunda mwala, ndipo pomwepo padzang'amba mlomo wa silu ngakhale itakhala ya kampani yodziwika ya NOK. Kachilema kakang'ono timakasalaza ndi sandipepa wosalala kwambiri wothira oyilo. Kakakhala kozama, paipi isinthidwe basi. Eni njinga sakonda kumva zimenezo, koma oyilo wa foloko akafika pabuleki ndi moyo wa munthu umene uli pachiswe. Poika silu, mbali ya kasipuling'i imayang'ana pansi komwe kuli oyilo, ndipo kumapeto kwa paipi timavekako kajumbo kuti kusacheke. Za oyilo wakuda wotsala mu injini amene ena amathira m'mafoloko ndisayambe n'komwe. Ife timathira wa foloko wa 10W, wofanana mbali zonse ziwiri, n'kumuuza mwini wake agule mabuti a labala otchinga fumbi.

Ntchito imene inandidyera nthawi ndi ya Lachitatu, Bajaj Boxer ya bambo wina amene amanyamula matumba a makala kuchokera cha ku Mitundu. Titanyamula tayala lakutsogolo n'kutembenuza handulo pang'onopang'ono, pakati penipeni inkakodwa ngati chitseko cholowa pa loko. Titamasula khosi, girizi anali atauma kukhala dothi, ndipo m'makapu a mabelingi momwe mumayenda timipira tachitsulo munali timaenje tondondozana. Katundu wolemera ndi mabampu zimakhomera timipira pamalo amodzimodzi, chifukwa nthawi zambiri handulo imakhala yolunjika.

Apa pali kusankha. Seti ya timipira ndi yotchipa, imapezeka paliponse, ndipo handulo imapepuka. Mabelingi a tepa ali ndi timarola m'malo mwa timipira, choncho katundu amagawikana pamalo aakulu ndipo amapirira msewu wa dothi. Kwa munthu wa makala ine ndimasankha tepa, bola muyeso ugwirizane pa zinthu zitatu: tsinde la khosi, bowo la felemu, ndi kutalika. Kutalikaku ambiri amakuiwala. Belingi ikatalika pang'ono chabe, nati yapamwamba imasowa pogwira mokwanira. Dzina la pabokosi, kaya Koyo, NTN kapena SKF, sindilikhulupirira msanga poti mabokosi abodza alipo. Ndimaitulutsa, kuona ngati zilembo zozokotedwa pachitsulo zili zooneka bwino, n'kuizunguza m'manja kumva ngati muli mchenga.

Bambowo ankafuna tisinthe timipira tokha, makapu akhale omwewo. Ndinawaonetsa timaenje tija, iwo n'kuseka. "Ndiye mwandigwira, amakaniko." Tinakhoma makapu akale mozungulira kuti atuluke molunjika, atsopano n'kuwalowetsa mpaka kulira kwa hamala kutasintha, chizindikiro choti afika pansi.

Kumanga nati ndiye pamene tepa imavuta. Umamanga kuti ikhazikike, umamasula, kenako umabwezera pang'ono mpaka kugwedera kuthe. Tayala lili m'mwamba, handulo ikakankhidwa pang'ono izigwera yokha kumbali. Ukamangitsa, njinga imayenda mokhotakhota ukamapita pang'onopang'ono, mwini wake n'kumaganiza kuti felemu yapindika.

Loweruka anabweranso monga ndinawauzira, chifukwa mabelingi atsopano amakhazikika akayenda ndi katundu. Munali kugwedera pang'ono. Ndinawonjezera kumanga nati pang'ono kwambiri, iwo n'kunyamuka kukatenga matumba ena.