Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Masiku awiri ku Edinburgh ndi mlandu wa thumba la feteleza

Zikomo nonse amene munandilembera pa gawo lapitali, makamaka amayi a ku Area 25 aja amene munati munalira mutawerenga za tsiku limene ndinatsanzikana ndi agogo. Ambiri mwafunsa za chithunzi chija chimene chinandidanitsa ndi amalume a ku Ntcheu. Lero ndifotokoza ulendo wonse, ndi mtengo wake womwe, kuti amene mukupita kukaphunzira ku Scotland mutolepo kanthu, ndiponso kuti amene munandiweruza mumve mbali yanga.

Miyezi iwiri yoyamba ku Glasgow ndingoidumpha, inali ya mabuku ndi chimfine basi. Ulendowu unali wa mu Novembala, pamodzi ndi mnzanga wa ku Ghana uja wondiphunzitsa kuphika mpunga wa tsabola.

Kuchoka ku Glasgow kupita ku Edinburgh kuli njira ziwiri. Sitima imanyamuka pa Queen Street n'kukafika pa Waverley patatha mphindi pafupifupi 50. Basi nambala 900 imanyamuka pa Buchanan Bus Station, imatenga ola ndi mphindi zingapo, koma ndi yotchipa. Ife tinakwera basi. Ngati mukonda sitima, gulani kaye khadi la ophunzira lija lotchedwa Railcard, limachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti. Mabasi a mumzinda mwenimwenimo alibe kondakitala ndipo dalaivala sabweza chenji, ndiye lipirani ndi khadi la ku banki kapena mukhale ndi ndalama zokwanira ndendende.

Chachikulu chimene palibe anandiuza ndi dzuwa. Kumapeto kwa Novembala limatuluka cha m'ma 8 koloko m'mawa, ndipo ikamakwana 4 koloko madzulo kwayamba kale kuda. Tsiku lanu lonse ndi maola asanu ndi atatu. Choncho zapanja zonse muzichite kukuwala, za m'nyumba muzisungire madzulo. Ambulera musiyeni, mphepo ya kumeneko imam'pinda ngati tsamba la nthochi. Chofunika ndi jekete yosalowa madzi yokhala ndi chipewa, ndi nsapato zogwira pansi, chifukwa misewu ya mzinda wakalewo ndi ya miyala yoterera ikanyowa.

Linga la Edinburgh Castle mulione Loweruka, musalisungire Lamulungu. Chifukwa chake ndi mzinga umene amauomba 1 koloko masana tsiku lililonse, kupatula Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi. Anayamba kuuomba mu 1861 kuti oyendetsa sitima za pamadzi ku doko la Leith azikonzera mawotchi awo. Poyamba ankayang'ana mpira umene umagwa pa nsanja ya pa Calton Hill nthawi yomweyo, koma kukachita nkhungu mpirawo sunkaoneka, ndiye anawonjezera phokoso. Tikiti gulani pa intaneti usiku wake, imatsikako mtengo ndipo simuima pamzere. Ine ndinalipira pafupifupi mapaundi 20, ndipo ndalama yaikulu pa ulendo wonse inali imeneyi. Nyengo yozizira amatseka 5 koloko, ndipo ikakwana 4 koloko salowetsanso munthu. Lowani cha m'ma 11, muyambe pamwamba penipeni pa kachalichi ka St Margaret, nyumba yakale kuposa zonse mumzindawo, ya m'zaka za m'ma 1100. Ndi kakang'ono, anthu makumi awiri adzaza. Pafupi pake pali chimzinga cha Mons Meg chimene mfumu James II inapatsidwa mu 1457. Mukatero pitani kukaona chisoti cha mafumu a Scotland mzere usanatalike. Nthawi imeneyo mwala umene ankalongerapo mafumu unali momwemo, koma mu 2024 anausamutsira ku Perth, ndiye musakavutitse alonda kuufunsa. Ikamakwana 12:45 khalani mutapeza kale malo pafupi ndi mzinga wa 1 koloko. Ndinadziwa kuti ulira, ndinali nditayang'ana wotchi, komabe ndinadumpha mpaka mnzanga anakhala pansi ndi phwete.

Kuchokera pa chipata cha linga, msewu wa Royal Mile umatsetsereka mpaka ku nyumba yachifumu ya Holyroodhouse. Chakudya cha mumsewu umenewu ndi chodula, mtengo wa alendo. Ife tinanyamula buledi, mazira owiritsa ndi tiyi mu fulasiki, tinadyera pa benchi. Pakati pa msewuwo pali tchalitchi cha St Giles, pamene John Knox ankalalikira. Inu a CCAP anzanga, kumeneku ndiye kuchimake. Knox anamwalira mu 1572, ndipo manda ake lero ali pansi pa malo oimikapo magalimoto kuseri kwa tchalitchicho, pa nambala 23. Tinapeza galimoto itaima pomwepo. Ndinaganiza za kwathu, kumene munthu sungaloze manda ndi chala, ndipo sindinajambule. Panja pa tchalitchi pali chithunzi cha mtima chopangidwa ndi miyala ya mumsewu, pamene panali ndende kale. Anthu a komweko amalavulirapo, ndiye yang'anani poponda.

Mdima utayamba tinalowa mu National Museum of Scotland pa Chambers Street. Kulowa ndi ulere, muli kotentha, muli zimbudzi, ndipo muli nkhosa ija Dolly imene akatswiri anaipanga mu 1996 kuchokera ku selo ya nkhosa ina yaikulu. Amatseka 5 koloko, ola limodzi silikwana, koma ndi limene tinali nalo. Tinagona pa hositelo ina, chipinda cha anthu asanu ndi atatu, mabedi osanjikiza ngati ku sekondale. Tengani loko wanu wa kabati ndi thaulo, apo ayi mubwereka ndi ndalama.

Tsopano chithunzi chija. Lamulungu m'mawa tinadutsa m'munda wa Princes Street Gardens, pafupi ndi nsanja yakuda ya Scott Monument ya masitepe 287, imene sitinakwere chifukwa ndi yolipira. Pambali pake pali chiboliboli cha David Livingstone, Baibulo m'manja, chikopa cha mkango kumbuyo kwake. Anachiimika mu 1876, chaka chomwe amishoni a Church of Scotland anafika pamalo amene lero ndi Blantyre wathu. Mmalawi ndani angadutse pamenepo osajambulitsa? Mumzinda womwewu ndi mmene Kamuzu anamalizira maphunziro ake a udotolo mu 1941. Ndinajambulitsa, ndinaika pa Facebook, ndinalemba kuti ndapeza munthu wodziwa kwathu. Kenako tinatsikira ku Holyrood kukakwera phiri la Arthur's Seat.

Phirili ndi la mamita 251 okha, kwa ife odziwa Mulanje ndi chulu. Koma musalipeputse. Njira yosavuta imayambira pafupi ndi nyumba yachifumu, imadutsa m'munsi mwa bwinja la kachalichi ka St Anthony, ndipo imatenga mphindi 45 mpaka ola. Chigawo chomaliza ndi thanthwe losalala chifukwa cha mapazi a anthu, mphepo ikukukankhani cham'mbali. Foni muiike m'thumba la mkati, kuzizira kumamaliza batire msanga.

Yanga inalira ndili pamwamba pomwepo. Anali amayi.

Mukukumbuka kuti sabata yomweyo amalume anandipempha ndalama ya thumba la feteleza, mvula yoyamba itagwa, ndipo ndinawayankha kuti adikire mwezi uthe chifukwa ndalama ya sukulu inali isanalowe. Sindinaname. Koma mwana wawo anawaonetsa chithunzicho, ndipo iwo anayenda wapansi mpaka kwa amayi, tchalitchi chitangoweruka, kukawauza pamaso pa anthu kuti mwana amene anamulipirira Fomu 3 akudya dziko ndi azungu pamene chimanga chawo chikufuna kufa.

Amayi sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangoti, "Mwanangu, uli bwino kumeneko? Kukuzizira?" Ndinati ndili bwino. Anakhala chete nthawi yaitali, ndikumva nkhuku kumbuyo kwawo, ndikuwerenga mumtima mayunitsi awo akutha. Kenako anati, "Achimwene anabwera. Ine sindikuti usamayende. Koma ukanabisako chithunzicho, mwanawe. Ine ndi amene ndimakhala nawo kuno." Ndinayesa kufotokoza za ndalama, mphepo ikulanda mawu anga, iwo akungoti "Ee, ee," osamva. Ndinati ndiimbanso ndikatsika. Foni inathima ili m'manja. Ndinakhala pa mwala wonyowa, mzinda wonse uli pansi panga, linga, nyanja, madenga, koma maso anga ankaona khonde la kwathu ndi amayi ataima ndi chitenje chawo cha Mvano, anthu akuwayang'ana. Mnzanga anandithirira tiyi wotsala osafunsa kanthu. Sindinamwe, ndinangofunditsa zala.

Kwa inu amene munalemba pa gawo 9 kuti ndinaiwala kumene ndinachokera: basi, bedi ndi tikiti ya linga, zonse pamodzi, zinachokera pa ndalama imene ndinasunga posiya kukwera basi ya ku sukulu, ndikuyenda wapansi mphindi 40 kupita, 40 kubwerera, milungu isanu ndi umodzi. Feteleza ndinatumiza pa 1 Disembala monga ndinalonjezera, matumba awiri m'malo mwa limodzi. Amalume analandira, sanandiyankhule zaka ziwiri. Cholakwa changa ndimachivomera chimodzi chokha, chimene amayi ananena.

Tinatsika mochedwa, ndiye ku Calton Hill tinafika kutada, mizati ija ya chikumbutso chimene anayamba kumanga mu 1826 n'kuchisiya ndalama zitatha tinangoiona ngati mithunzi. Mukapita inu, yambani kumeneko m'mawa, ndi mphindi khumi zokha kuchokera pa Princes Street. Basi ya ku Glasgow tinaipeza ya 6 koloko, ndipo pansi pa mpando panali pochajira foni. Itayaka ndinapeza mauthenga 11 a pa WhatsApp, onse ochokera kwa mchemwali wanga. Zimene analemba, ndi mmene zinathera pa maliro a agogo, zikhala za gawo 15.