Nsomba za m'supamaketi, chakudya cha mu thanki ya makorali

Ntchito yanga ndi yosamalira mathanki a nsomba za m'nyanja ya mchere, aja okhala ndi makorali amoyo, m'maofesi ndi m'nyumba za anthu. Chakudya cha m'timapaketi toundana chimene amagulitsa kumashopu a ziweto n'chabwino ndithu, koma ukachiwerengera pa kilogalamu chimadula zedi, komanso gawo lalikulu la kapaketiko ndi madzi. N'chifukwa chake ndimakonza ndekha chakudya kuchokera ku nsomba zotchipa za m'supamaketi, ndipo sabata ino inali yokonza china chatsopano.

Lolemba lidathera pogula. Kusankha nsomba sikuchedwa, chochedwetsa n'kuwerenga zolembedwa kuseri kwa paketi. Shrimp, scallop ndi minofu ya nsomba zoyera kawirikawiri amaziviika mu sodium tripolyphosphate kuti zisunge madzi, zioneke zonona, zilemere pa sikelo. Munthu akadya sizimupweteka, koma ukaziponya mu thanki ndiye kuti wathira phosphate ndi manja ako. Ife timayesetsa kuti phosphate akhale pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm (mamiligalamu pa lita imodzi ya madzi). Akakwera, ndere zimakuta miyala ndi galasi, makorali olimba n'kuyamba kukula mwapang'onopang'ono. Paketi ikalembedwa E451 kapena E452 ndimaibweza pa shelefu. Zophikaphika, zothira mchere ndi zokometsera sindizigwira n'komwe, ngakhalenso timitengo ta surimi tija amati ndi nkhanu, poti n'todzaza sitachi ndi shuga.

Ndidatenga shrimp yaiwisi yosasenda, squid, mussel, mnofu wa pollock ndi kachidutswa ka salmon. Tilapia ndi pangasius ndizo zinali zotchipa kuposa zonse, koma ndidazisiya. Nsomba za m'madzi opanda mchere, makamaka zoweta, zimakhala ndi mafuta a omega-3 otchedwa EPA ndi DHA ochepa, pomwe nsomba za m'nyanja ya mchere zimadalira mafuta amenewa kuti zikhale ndi thanzi.

Zimene zidabwera zosaundana zidalowa mufiriza Lachiwiri, ndipo zidikira kukonzedwa sabata yamawa. Kuzizira kwa -20°C kwa masiku 7 kumapha nyongolotsi za mumnofu monga Anisakis, koma mabakiteriya sakufa ayi, amangogona. Choncho zimene ndikufuna kugwiritsa ntchito ndimazisungunulira mufiriji, osati m'madzi otentha kapena patebulo.

Lachitatu ndilo tsiku la mpeni. Ndili ndi mnyamata amene akuphunzira ntchitoyi, ndipo adafika atanyamula kale blenda.

"Bwana, bwanji tingoponyamo zonse pamodzi tithane nazo?"

"Ukapera zonse zisanduka phala," ndidamuuza. "Nsomba sizingatole phala, lingosungunuka m'madzi n'kuwola. Tenga mpeni, udule zisanasungunuke kwenikweni."

Mnofu wolimbako ndi chisanu umadulika bwino, tizidutswa timatuluka tosanyenyeka. Tidagawa patatu: tokula ngati diso la nsomba yodzadyayo ta nsomba zazikulu, tonyenyanyenya ta clownfish ndi anzake, ndi topera pang'ono ta makorali. Kenako tidatsuka zonse pasefa ndi madzi a RO (osefedwa ndi makina ochotsa mchere ndi zonyansa) mpaka madzi otuwa aja atasiya kutuluka. Madzi otuwawo nsomba sizidya, amangodyetsa ndere.

Apa m'pamene anthu ambiri amaphonya. Mnofu wa m'supamaketi adaukonzera munthu: adachotsa mutu, minga, chiwindi ndi matumbo. Koma nsomba ya m'nyanja ikagwira inzake imameza yonse, ndipo mavitamini ambiri ndi calcium zili m'zimene ife timataya zija. Ukamadyetsa mnofu wokhawokha nsomba zimanenepa bwinobwino, mwini thanki n'kumasangalala, koma m'kati zikuperewera. Mussel ndimaikonda chifukwa imalowa yathunthu ndi zam'mimba zomwe, ndipo shrimp ndimasiyako tizikamba tofewa. Ndimaonjezanso nori (ndere za m'nyanja zoumitsa) wosathira mchere kapena mafuta, chifukwa nsomba zotchedwa ma tang n'zodya ndere, nyama yokha siyizikwanira.

Vuto lina losaoneka ndi maso ndi thiaminase, chinthu chopezeka mu herring, anchovy, smelt, carp ndi goldfish, komanso mu nkhono zina za m'nyanja. Chimaphwanya vitamini B1, ndipo kuundanitsa sikuchithetsa; chimapitiriza kugwira ntchito chakudya chili chosungidwa. Nsomba yosowa B1 imasiya kudya, imasambira mopendekeka, nthawi zina kumanjenjemera, ndipo pofika pamenepo mwini wake amayamba kusakasaka matenda ena. Malo akuluakulu osungira nyama zodya nsomba amaonjeza pafupifupi 25 mpaka 30 mg ya thiamine (vitamini B1 yemweyo) ndi 100 IU (muyeso wa mavitamini) ya vitamini E pa kilogalamu iliyonse ya nsomba zoundana. Ine ndimasakaniza mitundu yambiri kuti umodzi usalamulire, ndipo madontho a mavitamini ndimathira pa chakudya nthawi yodyetsa. Tidamaliza ndi kuika chosakanizacho m'timatumba ta zipi, n'kuchiphwathalalitsa kuti chikaundana munthu azingobenthula kachidutswa.

Lachinayi m'mawa adandiimbira bambo wina amene ndimamusamalira thanki yake.

"Amisiri, makina aja asiya kutulutsa thovu, ndipo pamwamba pa madzi pali ngati pathiridwa mafuta."

"Pepani bambo, kodi dzulo munadyetsa chiyani?"

Adaona ine ndikudyetsa nsomba za m'shopu, ndiye nawo adadula mackerel imene idatsala kukhitchini. Maganizowo sanali olakwika, koma mackerel, sardine ndi salmon n'zamafuta kwambiri. Mafutawo amaphwetsa thovu la protein skimmer, makina amene amachotsa zonyansa zisanawole, ndipo akayandama pamwamba amatchinga mpweya kulowa m'madzi. Anemone yawo, nyama ya m'nyanja yooneka ngati duwa, inali italavula chidutswa chachikulu chimene idapatsidwa, chili gone kuseri kwa mwala, chitayamba kale kununkha. Ndidachitola, ndidayala mapepala opukutira pamwamba pa madzi kuti amwe mafuta, ndidasintha carbon wosefera madzi ndi gawo lina la madziwo. Pochoka ndidawasiyira kathumba ka chakudya chathu, n'kuwapempha kuti azipereka chongotha m'mphindi ziwiri.

Ntchito imene ndimaikonda idabwera Lachisanu madzulo, kudyetsa korali yotchedwa Tubastraea mu ofesi ina. Makorali ambiri ali ndi ndere zing'onozing'ono m'thupi mwawo, zooxanthellae, zimene zimawapangira chakudya kuchokera ku kuwala. Tubastraea ilibe, ndipo ikapanda kudyetsedwa imafota mpaka kufa. Ndidazimitsa mapampu, n'kuwaza timadzi ta shrimp pafupi nayo. Patapita kanthawi timitu take tachikasu tidafufuma, timanja tidatambasuka, ndipo ndi pipeti ndidaika kachidutswa ka mussel pakamwa palipaliponse. Timanja timapindikira m'kati, kamwa n'kutseka. Cleaner shrimp ya mu thankiyo ndi yakuba, imasolola chakudya m'kamwa mwa korali, motero ndimayamba ndaipatsa chake kumbali ina.

Loweruka tidayeza phosphate ndi nitrate m'mathanki onse amene alandira chakudya chatsopanochi, ndipo tidzayezanso sabata yamawa tisanaonjeze mlingo. Mnyamata uja adalemba deti pa kathumba kalikonse. Mafuta a nsomba amaonongeka ngakhale ali mufiriza, ndiye chimene chapitirira miyezi itatu, kapena chayamba kuchita chikasu m'mphepete, timataya.