Zomwe utsi unandionetsa pansi pa sinki

Lachinayi lapitali aphunzitsi athu anatitengera ku nyumba ina yongomangidwa kumene kuno ku England kuti tikaone mmene amayezera mphepo yodutsa m'ming'alu. Ndinapita ndi maganizo akwathu. Ku Zomba kumene ndinakulira, mmisiri akaiwala mavent pamwamba pa mazenera anthu amati sadziwa ntchito. Kuno kumazizira koopsa, ndipo mpweya wofunda ukamathawira pa timabowo, ndi ndalama za hita zikupita nawo.

Chipangizo chake amachitcha blower door, fani yaikulu yomangirira pa lona, yomwe amaitsekera pakhomo lakunja. Tinatseka mazenera onse, n'kutsegula zitseko zam'kati, n'kumata tepi pa mabowo osiyidwa dala ngati a fani ya m'bafa. Fani ija itayamba kukoka mpweya kupita kunja, makina anawerenga mpaka kusiyana kwa mphamvu ya kukankha kwa mpweya m'kati ndi kunja kunafika ma pascal 50 (muyezo wa mphamvuyo), zomwe n'chimodzimodzi mphepo ya makilomita pafupifupi 30 pa ola ikukankha khoma. Lamulo la Part L, gawo la malamulo a zomangamanga lokhudza kusunga kutentha ndi mphamvu m'nyumba, kuyambira June 2022, silola nyumba yatsopano kudutsitsa mpweya woposa ma kiyubiki mita 8 pa ola pa sikweya mita iliyonse ya makoma, denga ndi pansi. Kale malire anali 10, ndipo omanga ankangosankhapo nyumba zingapo zoyeza. Tsopano iliyonse iyezedwe.

Manambalawa ndinali nditawaloweza kale m'kalasi. Chimene sindinkachidziwa ndi mmene dzanja limamvera. Anandipatsa kabotolo kotulutsa utsi n'kundiuza kuti ndifufuze kukhitchini. Ndinayamba ndi zenera, poganiza kuti vuto likhala pamenepo, koma utsi unangokwera bwinobwino. Nditagwada n'kutsegula kabati ya pansi pa sinki, utsi uja unapindika n'kundibwerera kumaso, ndipo kuseri kwa dzanja langa kunazizira. Paipi ya madzi oipa inadutsa pa bowo lalikulu kuposa iyo, mpata wolowa zala ziwiri, popanda chomatira chilichonse. Tinapezanso mphepo pa soketi, m'munsi mwa sikating'i (thabwa la m'munsi mwa khoma) ndi pa kachitseko kokwerera kudenga.

Zinandipweteka kuona kuti bowolo likanatsekedwa m'mphindi zisanu kabati isanaikidwe. Tsopano munthu ayenera kugona chagada, mutu uli m'kabati, kuyesa kufikira malo omwe sakuwaona. N'chifukwa chake ndikugwirizana ndi omanga amene amayeza kawiri, koyamba mabolodi a khoma asanakhomedwe.

Pobwerera ndinafunsa ngati nyumba yotsekeka chonchi singadwalitse anthu ndi chinyezi ndi nkhungu. Aphunzitsi anati ming'alu imalowetsa mphepo yambiri tsiku lamphepo koma tsiku labata siithandiza, pomwe nyumba imafuna mpweya wabwino tsiku lililonse, wolowa pamalo okonzedwa. Zimenezo zili mu Part F, gawo la malamulo lokhudza kalowedwe ndi katulukidwe ka mpweya m'nyumba, ndipo ndi zomwe ndikuwerenga usiku uno, chifukwa mayeso ake ndi Lolemba.