Ludzu ndi makutu: zomwe ndakumana nazo m'buku la Charaka

Sabata yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi mutu 7 wa gawo la Sutrasthana m'buku la Charaka Samhita, limodzi mwa mabuku akale a Ayurveda, mankhwala achikuda a ku India. Mutuwu ukukamba zinthu 13 zomwe thupi limafuna palokha ndipo munthu sayenera kuzitsekereza, monga kukodza, kuyetsemula, kuyasamula, njala, tulo ndi misozi. Ine pomwe ndinakhalitsa ndi pa ludzu.

Bukuli likuti wodziumiriza kupirira ludzu amauma kukhosi ndi m'kamwa, amatopa, amafooka, mtima n'kumamupweteka. Izi ndinangozivomera. Koma pakati pake pali liwu lakuti badhirya, kutanthauza kugontha. Apa ndinaika cholembera pansi. Madzi akumwa ndi khutu zikukumana pati?

Asing'anga a Ayurveda amati khutu ndi amodzi mwa malo a vata, mphamvu ya mphepo yomwe chibadwa chake n'chouma komanso chopepuka. Thupi likauma vata imachuluka, n'kuyamba kuvuta komwe imakhalako. Vagbhata, mlembi wa Ashtanga Hridaya, buku lina lakale la Ayurveda, anatchulanso kugonthaku pa mutu 4 wa gawo loyamba, n'kuwonjezapo chizungulire. Buku la Charaka likuti mankhwala a mavuto a ludzuwa ndi zakumwa zozizira zotsitsimutsa thupi, basi.

Ndinakumbuka tsiku lina la Okutobala pomwe ndinayenda chiyambire m'mawa osalawa dontho, dzuwa likuswa mtengo. Pofika madzulo mawu anga omwe ankandilira m'mutu ngati ndikulankhulira m'chidebe, ngakhale kupuma kwanga ndinkakumva. Nditamwa makapu awiri n'kugonako pang'ono, zinatha. Madokotala a makutu amazidziwa zimenezi: kanjira kotchedwa Eustachian tube, kochokera kuseri kwa mphuno kupita m'khutu, kamakhala kotseka nthawi zambiri, koma munthu akauma thupi kamatha kutsala kotsegula.

Komabe sindikufuna kukakamiza buku lakale kuti linene zomwe silinanene. Mu matenda ena a khutu otchedwa Ménière, timadzi ta m'katikati mwa khutu timachita kuchuluka, ndipo wodwala akamwetsedwa mankhwala otchedwa glycerol kuti aumeko pang'ono, ena amayamba kumva bwinoko kwa maola angapo. Choncho kuuma sikuti nthawi zonse kumagonthetsa.

M'kope langa, pambali pa liwu la badhirya, ndalembapo maganizo anga: sikugontha kwa moyo wonse ayi, koma kutsekeka kwa makutu kwa munthu amene wayenda mtunda wautali padzuwa asanapeze chitsime.