Land Rover Lightweight yolizira mahelikoputa: poyambira ndi chasesi, koma mtima wake ndi magetsi

Land Rover Lightweight inapangidwira asilikali a ku Britain kuyambira mu 1968 mpaka cha mu 1984, ndipo cholinga chinali choti helikoputa ya Westland Wessex izitha kuinyamula. Zitseko, galasi lakutsogolo ndi mbali zina za bodi zimamasuka ndi mabawuti kuti ipepuke. Zochepa mwa galimotozi, zomwe ambiri amazitcha helistart, zinkaimikidwa pafupi ndi helikoputa n'kuipatsa moto kudzera pa nthambo yaitali, yonenepa, kuti injini yake ilire osamaliza batire la ndegeyo. Amene wapeza yotereyi asathamangire kuzula mawaya a 24V n'kuika a 12V poti ndiwo osavuta. Akatero watsala ndi Lightweight wamba.

Komabe ntchito imayambira pansi. Tengani hamala yaing'ono mugogode chasesi yonse, makamaka mtanda wakumbuyo, timikono tonyamula bodi ndi nsonga zakutsogolo pamene pamamangidwa masipuling'i. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka chimangoti phu. Chasesi imeneyi imawola kuchokera mkati chifukwa matope amatsekera madzi m'menemo, ndiye penti yowala kunja isakunamizeni. Ngati zibowo zapitirira pa malo atatu kapena anayi, kuwotcherera zigamba n'kutaya nthawi. Chasesi yatsopano yothiridwa zinki imatha nkhani. Onaninso popondera mapazi ndi chitsulo cham'munsi mwa galasi lakutsogolo. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri, koma pamene yakhudzana ndi chitsulo imatuluka ufa woyera n'kubooka. Pobwezeretsa ikani labala kapena phula pakati pa ziwirizo.

Injini ya petulo ya 2,286 cc ndi yopirira. Mpata wa mavavu ndi 0.25 mm, wa mapoyinti 0.35 mpaka 0.40 mm, ndipo masilinda amaphulika motsatana 1-3-4-2. Oyilo ndi 20W/50. Mu giyabokosi mumalowa malita 1.5 a oyilo wa magiya wa EP90, mu thiransifa (bokosi logawira mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo) 2.5, ndipo musankhe wa GL4, poti ena a GL5 amadya tizitsulo tamkuwa tamkati. Injini ikamazima yokha pa aidulo, kayikirani kabuleta ya Zenith 36IV: chivundikiro chake chimapindika ndi kutentha, ndipo chimawongoka pochikhula pa sandipepala woyalidwa pagalasi.

Tsopano magetsi, pamene ambiri amagwa ulesi. Musanamasule waya ngakhale umodzi, jambulani zithunzi ndipo mumate kapepala kolemba nambala kunsonga zonse ziwiri. Kalumikizidwe ka mawaya a 24V a asilikali kamasiyana ndi ka galimoto wamba, choncho chithunzi cha mawaya cha m'buku la Land Rover Series III wamba chikusocheretsani.

Mphamvu ya 24V imachokera pa mabatire awiri a 12V olumikizidwa motsatana. Agulidwe tsiku limodzi, a mtundu umodzi. Mukaphatikiza lakale ndi latsopano, lina limawira pamene linzake silinakhute, ndipo onse amafa msanga. Chimodzimodzi kuba moto wa 12V pa batire limodzi kuti muyatsire wailesi: batire limenelo limatsalira kumbuyo mpaka kufa. Gulani kachipangizo kotsitsa 24V kufika 12V. Injini ikamalira, mita iziwerenga cha pa 28V, yomwenso ndi mphamvu imene mahelikoputa ambiri amagwiritsa ntchito. Alitaneta yake ya ma amp 90 ndi chimphona cholemera, ndipo bokosi lolamulira mphamvu lili palokha, si mkati mwake. Ikakana kutchaja, yambani mwatsuka mapini a mapulagi ake ozungulira aja musanaiweruze kuti yapsa. Kawirikawiri vuto limakhala ndere zobiriwira pa mapini basi.

Poliza injini ya helikoputa pamadutsa ma amp mazanamazana kwa masekondi angapo. Alitaneta singakwanitse zimenezo; amatero ndi mabatire, iyo imangowabwezera pambuyo pake. N'chifukwa chake cholumikizira chilichonse chiyenera kukhala chowala komanso chothina. Werengerani nokha: dzimbiri loletsa moto ndi 0.01 ohm chabe, pa ma amp 500, limadya 5V n'kuzisandutsa kutentha pamalo amodzimodziwo. Nthambo yakale ipindeni pang'ono muone. Labala ikang'ambika kapena mkuwa wamkati ukaoneka wakuda, isinthidwe ndi ina yonenepa mofanana, ndipo zakunsonga zifinyidwe ndi chida chake, osati kuphwanyidwa ndi hamala. Ngakhale galimotoyo izingopita ku zionetsero, nthambo yolumikizidwa ku mabatire ndi yamoyo. Ikani swichi yodulira moto pafupi ndi mabatirewo, ndipo vulani mphete ndi wotchi musanagwire sipanala pamenepo.

Mawaya a ku mapulagi ndi okutidwa ndi ukonde wachitsulo kuti asasokoneze wailesi, ndipo amamangidwa ndi manati pa mapulagi apadera, monga a Champion RSN13P. Pulagi wamba sikwanapo. Koyilo nayo silandira 24V yonse, moto umayamba wadutsa m'kabokosi kotsitsa mphamvu. Kabokosi kameneka kakafa, injini imangozungulira osalira, ndipo amene amakalambalala ndi waya amaotcha koyilo ndi mapoyinti m'mphindi zochepa.

Mabuleki ndi a madiramu. Sinthani mapaipi, timasilinda ndi mashu onse nthawi imodzi, ndipo fumbi lakale mulinyowetse musanalipukute chifukwa likhoza kukhala ndi asibesitosi. Pa mabawuti konzekani kukumana ndi miyezo itatu yosiyana, BSF, UNF ndi metiriki, pa galimoto imodzi yomweyo.

Penti muisiyire kumapeto, ndipo mupale pang'onopang'ono ndi dzanja, chigawo ndi chigawo. Pansi pa zobiriwira zimene asilikali ankangopaka ndi bulashi pamabisala manambala ndi zizindikiro za gulu limene linkaigwiritsa ntchito, ndipo makina opalira amazifafaniza musanazione n'komwe.