Tchuthi cha uchembere chisamabwere ndi mapepala ochonga

Mng'ono wanga amaphunzitsa pa koleji ina ku Lilongwe, ndipo nthawi yake yochira itayandikira anabwera kuno ku Kasungu kuti amayi adzamusamalire, monga momwe timachitira pa mwana woyamba. Khanda lili ndi masiku 8 okha, ndinamupeza atakhala pamphasa, atatsamira khoma chifukwa bala la opareshoni linali lisanapole, mwana ali kubere, cholembera chofiira chili kudzanja lamanja, ndipo pambali pa beseni la matewera panali katoni ya mapepala a mayeso imene anamutumizira pa basi. Amayi anaima pakhomo ndi mbale ya phala n'kufunsa kuti, "Iwe mwana, kodi akuluakulu ako kuntchitoko sakudziwa kuti uli m'chikuta?" Iye anayankha motsitsa mawu kuti, "Akudziwa amayi, koma ndikapanda kuchonga, ophunzira anga salandira zotsatira."

Malipiro ake ankalowa ku banki mwezi uliwonse osadulidwa, ndipo pamenepo lamulo linatsatidwa. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa mayi wogwira ntchito masabata osachepera 8 a tchuthi cha uchembere pa malipiro athunthu, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Mu 2021 aphungu a Nyumba ya Malamulo anawonjezerapo masabata awiri a bambo wa mwana, komanso mphindi 30 kawiri pa tsiku zoti mayi aziyamwitsa akabwerera kuntchito. Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti munthu analandira tchuthi, koma ntchito yake sinapatsidwe kwa wina aliyense.

Ntchito ya mphunzitsi wa pa koleji kapena pa yunivesite ili ndi khalidwe lakelake. Semesita imatenga pafupifupi miyezi inayi, choncho masabata 8 amadya theka lake, ndipo phunziro lina limakhala ndi katswiri mmodzi yekha m'dipatimenti yonse. Akachoka iyeyo, anzake amamugwirizira makalasi mwachifundo chabe pamwamba pa awo, koma kukonza mafunso a mayeso, kuchonga, ndiponso kuwongolera ophunzira a chaka chomaliza amene akulemba kafukufuku wawo zimangodikira mwini wake, kapena zimamutsatira pa WhatsApp mpaka kumudzi. Palinso nkhani ya kukwezedwa pa udindo, kumene kumadalira kwambiri kafukufuku amene munthu wasindikiza. Mayi amene wakhala akudzuka usiku kuyamwitsa amayezedwa ndi muyezo womwewo ndi mnzake amene chaka chake chinayenda popanda chododometsa, ndipo ine ndikuona kuti chimenechi si chilungamo.

Masabata 8 enieniwo ndi ochepa. Mgwirizano nambala 183 wa bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, wa m'chaka cha 2000, umanena masabata osachepera 14. Kusikelo anamwino amatiphunzitsa kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, ndipo katemera wa mwana amaperekedwa pa masabata 6, 10 ndi 14, kutanthauza kuti mayi wobwerera kuntchito pa sabata ya 8 amakaima m'kalasi mwana asanamalize katemera woyambirirayo. Ovutika kuposa onse ndi aphunzitsi aganyu, olipidwa potengera maola amene aphunzitsa, pakuti ambiri amaopa kuti akapempha tchuthi semesita yotsatira saitanidwanso.

Chimene ndikupempha makhonsolo oyendetsa makoleji ndi mayunivesite athu n'chakuti m'ndondomeko ya chuma ya chaka chilichonse muzikhala ndalama yolipira mphunzitsi wogwirizira. Pathupi sipadzidzimutsa ofesi, chifukwa mayi amadziwitsa akuluakulu ake kudakali miyezi ingapo, ndipo nthawi imeneyo ndi yokwana kupeza munthu wotenga makalasi, mayeso ndi ophunzira a kafukufuku, zonse zitalembedwa mayiyo asananyamuke. Komiti yokweza anthu pa maudindo nayo iziwerengera miyezi ya uchembere poona zimene munthu wasindikiza.

Mng'ono wanga anamaliza kuchonga katoni ija m'masiku 12, ine n'kukaikweza basi ya m'mawa pa depoti. Akubwerera ku Lilongwe mwezi wamawa, ndipo amayi avomera kusiya munda wawo wa mtedza m'manja mwa mlamu wanga kuti apite naye, azikamutengera mwana kukoleji nthawi yoyamwitsa ikakwana.